Kachifaniziro Kamene Amayi Anakwecha

Okondedwa Amalume Nicanor,

Ndikhulupirira muli bwino ku Cali kumeneko. Kuno ku Sogamoso mvula yayamba, mbatatesi zamera bwino.

Kachifaniziro kagolide kaja, kamene agogo anafukula m'munda, tinapita nako ku Tunja kwa katswiri wa zinthu zakale kuti atiuze mtengo wake. Tinkafuna kukagulitsa kuti tilipirire opaleshoni ya bambo. Tisananyamuke, amayi anakakwecha ndi mchenga ngati poto, kuopa manyazi.

Katswiriyo anakatembenuza n'kunena kuti, "Mayi, akalewo ankasakaniza golide ndi mkuwa, golide weniweni n'kukhala pakhungu pokha. Khungulo mwalisiya kunyumba, katsala ndi mkuwa basi."

Amayi anangoti, "Koma kakuwala, bambo."

Tinabwerera nako, kali pawindo.

Bambo anga sitinawauze. Akufunsabe kuti opaleshoni yawo ichitika liti. Ngati mumaganiza zodzawaona, musadikire Khirisimasi.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Eulalia