Paipi Yoyera Pokhota

Lachinayi madzulo, Okutobala. Kwatentha, ndipo mtima sunakhale pansi.

Zoti zithe tisanachite china chilichonse: mapaipi atsopanowa tikwirire kapena tibweze, ndiponso ngalande yochokera ku kasupe kutsikira ku Chezi tiitani mvula ikagwa ili yosakwirira.

Lero a Nachisale, mayi amene amakonza mipopi ya m'mudzi, anadula kachidutswa ka paipi yatsopano n'kukapinda pa bondo. Pokhotapo panayera ngati ufa. Atapinda ka paipi yakale, kanakhalabe kakuda bii.

"Alangizi, iyi yadya choko," anatero. "Mukaikwirira mudzaifukula nokha. Ine msana wanga ndi umodzi."

Ku koleji ndinaphunzira kuti kuyerako ndi timabowo tosaoneka ndi maso, totseguka pakati pa tizigawo tolimba ndi tofewa ta pulasitiki ikakokedwa. Opanga akachulutsa choko posakaniza, pulasitiki imalekana ndi timibulu ta chokocho, timabowo n'kuchuluka, ndipo mng'alu umayambira pomwepo. Mayeso ake ndinakhoza bwino, koma mapaipiwa ndinawalandira nditangowerenga zolembedwa pambali. Mayi aja buku la ku koleji sanalionepo, komabe bondo lawo laona zimene ine ndinaphonya. Ndawasirira kwambiri.

Chondivuta n'chakuti kuyera pakokha si umboni, poti paipi ina imayera koma n'kupirira. Zidutswa ziwiri ndatumiza kwa a injiniya ku ofesi ya kuboma kuti akaziyese. Anthu akumba masabata atatu, ndipo lero ndawauza kuti aike makasu pansi adikire.

A injiniya, chonde yankhani Loweruka lisanafike, anthuwa asanabwerere ku minda.