Mpopi Uzidontha

Loweruka, 18 Okutobala 2008

Mwana wanga Aaliyah wabwera koyamba chisamukire ine m'kalavani muno, kuseri kwa nyumba ya mnzanga Fabian, m'tauni ya Oshawa, kutsidya kwa nyanja kuno. Masana okha. Mayi ake, Hasna, sanatsike n'komwe m'galimoto. Mwana wakonda kabedi kam'mwamba, akuti n'kake. Kenako wapempha madzi. Kumwa kamodzi, kulavulira m'sinki. Akuti akununkha tayala. Ine ndakhala ndikumwa omwewo chichotsedwere ntchito kufakitale, ndimayesa kuwawako n'kwa m'kamwa mwanga.

Hasna, pawindo la galimoto: "Bambo a Aaliyah, mwana sangagone popanda madzi abwino. Konzani. Ndidzaona ndekha." Ndiye kuti kugona kwa mwana wanga kuno kwatsamira pa payipi yobweretsa madzi kuchokera pampopi wapanja wa Fabian.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Fabian wandiseka mpaka kugwira mpanda. "Ba Yahya, payipi yagirini ija ni yothirira maluwa! Yakumwa ni yoyera." Ndikanadziwa bwanji? Ku Mangochi payipi ndi payipi, bola madzi atuluke.

Ndagula yoyera, yaifupi, poti yaitali thumba lakana. Mayi wa m'sitolo wandilangiza ngati ndikutenga khanda kuchipatala. Kukamwa kwake kusakhudze pansi. Ndiyambe ndataya madzi oyamba. Ndikamaisunga ndiikhuthule, ndilumikize mbali ziwirizo kuti tizilombo tisalowe. Ndachita zonse. Tiyi wa lero wakoma ngati tiyi.

Loweruka, 1 Novembala

Aaliyah sanabwere. Chimfine, akutero Hasna. Ndinasesa pachabe.

Lamlungu, 9 Novembala

Dzulonso ayi. Ku Scarborough, kwa mlamu wanga komwe Hasna ndi mwana akukhala, kunali alendo. Kufakitale zii. Amene tinkadya nawo nkhomaliro tsopano timakumana pamzere wofunsira ntchito, aliyense maso pansi. Ndatopa, ndipo ndikuopa kuti mwana azolowera kusandiona.

Lachitatu, 19 Novembala

Hasna wavomera. Loweruka lino, ndipo agona! Ndagula bulangete lofiira ndi kapu yakeyake.

Kuzizira kwafika ndi ukali. Fabian akuti mpopi wa m'kalavani ndizisiya ukudontha, apo ayi "payipi ifiliza, madzi aundana, ba Yahya, ing'ambika." Ndamuyang'ana ngati wapenga. Madzi abwinobwino azingopita? Amayi ankatikoka khutu chifukwa cha dontho limodzi lotayika pochokera pamjigo. Shehe wathu kumadrasa ankati osawononga madzi ngakhale ukuchitira wudhu, kusamba kokonzekera pemphero, pamtsinje. Lero munthu wamkulu, wa digiri, akuti tsegula, kagone.

Ndamvera. Pofuna mwana.

Lachinayi, 20 Novembala

Tho. Tho. Tho. Ngati wina akundiwerengera machimo. Ndatchera ndowa, yadzaza, ndasowa kochita nawo madziwo. Ndakawataya kuseri ngati wakuba.

Loweruka, 22 Novembala

Dzulo nditatha wudhu wa swala yomaliza, dzanja linatseka mpopi lokha. Kutseka kwenikweni, kokhwimitsa, monga linaphunzirira. Mutu sunadziwe kanthu.

M'mawa payipi gwa, ngati nzimbe, madzi ataundana m'kati. Fabian ndi mkazi wake Mathilda anapita ku ukwati ku Markham, nyumba yokhoma. Ndinatenthetsa timadzi totsala m'ketulo n'kuthira. Inang'ambika pafupi ndi polumikizira, ndikuona ndi maso angawa.

Anafika ndisanaganize chochita. Aaliyah ndi kachikwama kake kumsana, mswachi ukusuzumira m'thumba. Hasna analowa, koyamba. Anayang'ana bulangete, anayang'ana kapu. Anatsegula mpopi. Unangopuma kamphepo basi.

Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anangoti, "Tiye, Aaliyah." Ndinayamba kufotokoza za mjigo ndi Shehe, ndinadzimva ndekha kuti ndikuyankhula zopusa, ndinasiya. Mwana anatsika pakabedi kaja mosatsutsa. Kusatsutsako n'komwe kwandipweteka kuposa zonse.

Lolemba, 24 Novembala

Fabian watseka mpopi wapanja. Mpaka Epulo, akutero, kuopa kuti mapaipi a m'nyumba mwake angaphulike. Sindingamunene, malo ndi ake, ndipo wandisunga ulele. Mathilda wandipatsa chigubu, ndizitunga kukhitchini kwawo.

Ndinawoloka nyanja zamchere kudzatunganso madzi ndi chigubu. Achimwene kumudzi akanamva akanaseka mpaka kugwa.

Payipi ndaikhuthula, ndalumikiza mbali zake, ndaipinda bwinobwino. Yong'ambika kale. Sindikudziwa chomwe ndikuisungira.

Lachisanu, 12 Disembala

Kumzikiti ndakumana ndi mlamu. Moni wa nsonga za zala. Akuti Hasna akuganiza zotsatira mchemwali wake ku Alberta chaka chikatha, kumeneko ntchito ziliko. Epulo ali kutali. Ndinamuyankha kuti Mulungu ndiye adziwa.

Lamlungu, 14 Disembala

Foni masana. Aaliyah, monong'ona, m'Chingerezi chake chothamanga chija. Akuti waganiza nzeru. Ali ndi botolo lake lakusukulu, lalikulu, adzalidzaza kwawoko, ndipo azidzamwa pang'onopang'ono kuti likwane mpaka Lamlungu. Akuti andigawirako.

Mwana kubwera ndi madzi ake kwa bambo ake.

Anafunsa ngati ndingawauze mayi ake, poti iye akanena samumvera. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe. Kumbuyo kwake ndinamva mawu a Hasna akufunsa kuti akuyankhula ndi ndani, kenako foni inaduka.