Thumba la Doreen

Lolemba, 8 Febuluwale

Tsiku lonse kubwalo la ndege ku Chileka, kudikira anduna. Atolankhani anali pansi pa mtengo, ine m'chipinda cha akuluakulu chozizira bwino. Kale ndinkakhala nawo pansi pa mtengo womwewo, cholembera m'manja, njala m'mimba. Pano ndine mlangizi wa anduna pa zofalitsa nkhani, ndipo akandiona amati "alangizi afika." Kaya ndi ulemu kaya ndi chipongwe, ndinasiya kufunsa.

Lachinayi tikagawa chimanga ku Lirangwe. Kwathu. Andiuza ndipeze mayi mmodzi wojambulitsa ndi anduna, wooneka wovutika koma waukhondo.

Lachiwiri, 9 Febuluwale

Ndaimbira Doreen, mlongo wanga. Chimwalirireni alamu akulimbana yekha ndi ana atatu, akuti masiku ano akudya madeya. Ndamuuza adzaime kutsogolo. Ndaona kuti ndamuthandiza, wojambulidwa sangabwerere chimanjamanja.

Wafunsa kuti, achimwene, ndidzagwade? Ndati gwada, zimaoneka bwino pa chithunzi.

Lachinayi, 11 Febuluwale

Zayenda. Amayi avina, anduna awerenga mawu amene ndinawalembera, alumpha mzere umodzi koma palibe wazindikira. Doreen wagwada, thumba pakati, ojambula ajambula.

Anduna atangonyamuka, a Mackson oyendetsa mwambo alamula kuti matumba akwezedwenso mu lole. Akuti awa ndi a mwambo chabe, mawa akufunika ku Mdeka, chimanga chenicheni chibwera sabata yamawa. La Doreen nalonso. Ndawaona amuna awiri akulinyamula, iye manja akadali pomwepo. Ndinali pa foni ndi mkonzi wa nyuzipepala, kukambirana mutu wa nkhani. Foni sindinadule.

Nkhani ya matumba oyendayenda ngati imeneyi ndi imene inanditchukitsa ndili mtolankhani. Lero ndangoyang'ana ngati munthu woonera mpira wa matimu osawadziwa.

Lachisanu, 12 Febuluwale

Tsamba loyamba. Doreen watuluka bwino. Anduna akondwa.

Lolemba, 15 Febuluwale

Doreen waimba. Dzulo ataweruka kutchalitchi, komiti ya mpingo inagawa ufa kwa amayi amasiye, iye anamudumpha. A Fikirini, mkulu wa mpingo, akuti aliyense anamuona m'nyuzipepala akulandira thumba lathunthu, ndiye asadye pawiri. Atafotokoza kuti thumba linabwerera mu lole, amayi ena anaseka. Ati mlongo wa bwana wa boma angalandidwe thumba?

Sanalire. Wangowonjezera kuti Duwa, mwana wake wamkulu, wasiya kupita kusukulu, akumachita chizungulire m'njira. Ndati ndiona.

Mkazi wanga Mildred wafunsa kuti amaimba ndani, ndati zakuntchito. Ndadya, ndakhuta. Mumtima mulibe kalikonse, zii, ndipo ndi zokhazo zikundidabwitsa.

Lachitatu, 17 Febuluwale

Chimanga chenicheni chija sichinafike.

Vanessa, mtolankhani amene ndinamuphunzitsa ndekha ntchito, wapita ku Lirangwe ndipo wamupeza Doreen. Wandiimbira kufuna mbali ya boma, mwaulemu wake: "A Gracian, mayiwa akuti thumba analandidwa. Ndilembe kuti mwati chiyani?" Za chibale sanatchule, koma akudziwa.

Ndamuuza adikire yankho la unduna. Ndalemba kuti onse amene anaonekera pa mwambo analandira chimanga chawo, zinazo ndi mabodza a anthu osafunira boma zabwino. Sizinanditengere nthawi, dzanja limadziwa lokha. Awerenga pa wailesi masana, abwerezanso madzulo.

Lachinayi, 18 Febuluwale

Kuofesi. Tiyi, misonkhano. Doreen sanaimbe.

Loweruka, 20 Febuluwale

Ndagula thumba la chimanga pa Lunzu, ndafika nalo ku Lirangwe dzuwa lili pamutu. Wailesi anamva onse. Galimoto itangoima, oyandikana nawo atuluka, wina ngati akusesa, wina ngati akufuna nkhuku.

Doreen watulutsa mpando, waupukuta, wauika pansi pa mtengo wa mango pomwe timakhazika alendo achilendo. Iye wakagwada chapatali. Duwa amathamangira kwa ine, amvekere amalume, mayi ake amugwira mkono. Mwana uja waonda, diresi likungolendewera.

Ndati thumba lili m'galimoto. Wati lisatsike. Akuti likangolowa m'nyumba muno anthu akuona, ndiye kuti wailesi inanena zoona, wabodza ndi iye, ndipo Lamulungu akakhala bwanji m'tchalitchi? Ndati ndibwera nalo kukada. Wati amenewo ndi matengedwe a akuba.

Ndati, Doreen, ganizira ana.

Wayang'ana pansi. "Tamva, bwana. Muyende bwino."

Chibadwire sanandiitanepo choncho. Ndadzuka, ndatsanzika oyandikana nawo aja mmodzimmodzi ngati pa msonkhano, ndaliza galimoto. Ndayendetsa bwinobwino mpaka pa Lunzu. Pamenepo ndaimika pambali pa msewu, thumba lija likadali m'galimoto.