Dzina la Yusufu Lisatuluke

Lachinayi, 26 Juni. Mwera tsiku lonse, mtima wosakhazikika.

Ndinakaona mdzukulu wanga Yusufu kundende. Maphunziro ake a kukoleji atsala mayeso awiri, koma bungwe lomulipirira limathandiza akaidi okha. Tsopano akuti dzina lake lingatuluke pakati pa okhululukidwa mwezi wamawa.

Ndinati tithokoze Mulungu. Iye anati, "Anganga, pempherani lisatuluke. Ndikatuluka, sukulu yathera pomwepo. Komanso abale a munthu ndinamuvulaza uja akundidikira."

Nditafika kwathu ku Nkhudzi ndinapeza amuna atatu atakhala pafupi ndi mpanda wanga. Dzulo anali awiri. Mmodzi anafunsa mwaulemu, "Amayi, mwana afika liti?"

Mkeka wopemphererapo swala ndayala kale. Choti ndipemphe sindikuchidziwa.