Mfiti ya m'Kabati

Lolemba, 9 Juni

Ndatumiza uthenga pa gulu lathu la owerenga mabuku, kuwakumbutsa za msonkhano wa Lachinayi. Ndimafuna kulemba kuti tikambirana buku lija la okalamba ndi mfuti zawo. Chala chinaterereka. Zatuluka ndi zakuti "okalamba ndi mfiti zawo." Ineyo, wa digiri, wogwira ntchito mu laibulale, mlembi wa gulu.

Ndinayamba kukonza, koma Apulofesa anandipitirira: "Nkhani yofunika kwambiri imeneyi, ufiti wa okalamba. Bukuli landifika pamtima." Ndinachotsa chala pafoni.

M'bukumo mulibe mfiti ngakhale imodzi. Muli mkulu wina amene wayamba kuiwalaiwala, muli lamulo loti okalamba abweze mfuti zawo, iye akukana, mwana wake wamkazi akumubera mfutiyo, mkuluyo osamulankhulanso mpaka imfa. Basi.

Apulofesa si pulofesa, amagulitsa inshulansi. Dzinali tinawapatsa monyoza, iwo n'kulilandira ndi manja awiri.

Sindikonza. Ndione kuti awerengadi ndi ndani.

Lachiwiri, 10 Juni

Achimwene aimbanso. Nkhani ndi yomwe ija ya sabata yatha, pamene anabwera m'mawa kudzabwereka makwerero n'kulowera khomo lakuseri, Ababa n'kuwatulukira ndi mfuti. "Ndiwe ndani iwe?" Kufunsa mwana wawo woyamba. Pambuyo pake anaseka, ati amacheza. Ine ndinali pakhomo la khitchini, ndinawaona m'maso. Samacheza.

Mfutiyo ndi ya nthawi ija anali mlonda wa nyama zakutchire. Mapepala ake ali bwinobwino. Imakhala m'kabati ya zovala, kiyi m'thumba la malaya lakumanzere, pamtima.

Achimwene akuti: "Ukugona nawo nyumba imodzi ndiwe. Uwabere kiyi akamasamba, ine ndidzainyamula. Likafika Lolemba usanachite kanthu, ndibwera ndi apolisi adzaitenge okha, maneba akuonerera. Za manyazi ndiye iwowo, ine ndili ndi ana ofunika kulera."

Sakulakwa. N'chimene chikundipweteka. Koma Ababa kutsegulidwa kabati ndi anthu a yunifolomu, munthu amene anavalapo yunifolomu moyo wake wonse?

Pagulu palibe akudziwa kuti bukuli ndinalisankha chifukwa cha zimenezi. Ndimati mwina wina anenapo kanthu kanzeru, ine n'kutolapo. Kaya nzeru zanga zinali kuti.

Lachitatu, 11 Juni

Gulu lili yakaliyakali ndi za ufiti. Mayi Wapampando alemba za gogo wina wa kwawo amene ankati akakuyang'ana, mwendo kutupa. Ena akuyankha ndi timanja topemphera. Mabuku amene ndinawasungira ali pa shelefu kuseri kwa tebulo langa, fumbi lili mbuu. Labwerekedwa ndi limodzi lokha, ndi Anesi, namwino wa kuchipatala. Chiyembekezo changa chonse chili mwa Anesi.

Langa ndalisiya kunyumba, pakatebulo pafupi ndi mpando wa Ababa. Ndikudziuza kuti ndinaliiwala.

Lachinayi, 12 Juni

Msonkhano. Chipinda chakuseri chija, mipando ya pulasitiki, fani yakufa, makatoni a manyuzipepala akale atsamira khoma. Anthu anabwera ambiri kuposa masiku onse. Ufiti umaitana anthu, mabuku ayi.

Apulofesa anayamba, magalasi ali pansonga ya mphuno. Ati wolembayu walimba mtima kukhudza nkhani imene ambiri amaiopa. Ati mutu wachitatu unawalira m'mutu usiku wonse. Mutu wachitatu ndi wa mkulu uja akukonza geti.

Mayi Wapampando anati iwo monga munthu wopemphera sakhulupirira za ufiti, komabe okalamba ena, eee, tisanamizane. Anthu n'kumagwedeza mitu. Ine ndikulemba, nkhope ili pansi, mkati ndikuseka moipa.

Kenako Anesi anakweza dzanja: "Pepani, kodi tawerenga buku limodzi? Langa muli mfuti. Ya zipolopolo."

Wina anatsokomola. Ndimati apa ndiye achita manyazi. Ayi ndithu. Apulofesa anangovula magalasi n'kunena kuti, "Eya, eya, mfutiyo ndi chiphiphiritso cha ufiti. Wolembayu ndi wozama, sanena zinthu poyera." Mayi Wapampando ananditembenukira: "Alembi, mwatisokoneza ndinu." Ngati kuti buku lili mu uthenga wanga.

Chodabwitsa n'chakuti sanapume n'komwe. Pompo aliyense anali ndi maganizo okhwima pa za mfuti, monga anali nawo pa za mfiti. Anangosintha chilembo chimodzi, mawu ena onse omwe aja. Okalamba ndi oopsa, okalamba samva, okalamba tizichenjera nawo.

Mayi Wapampando: "Nkhalamba ndi mwana. Mwana akagwira mpeni mumayamba mwachita naye msonkhano? Mumangolanda."

Apulofesa, pofuna kusiyana nawo: "Ayi Mayi, ufulu wa munthu sukalamba. Asiyeni nazo mfuti zawo." Amenewa sanalozedwepo ndi mfuti ndi bambo wawo. Sindikhulupirira kuti analozedwapo ngakhale ndi chala.

Ndinadikira Anesi, poti ndiwo anawerenga, komanso okalamba amawasamalira tsiku ndi tsiku. Ati bukuli ndi lochedwa, masamba ambiri mkulu uja amangokhala pakhonde. Ati mkuluyo anawatopetsa ndi makani. "Ife ku wodi sitivutika, timangowabisira zinthu, mawa aiwala. Mtsikana uja anachita bwino kuba, anangochedwa." Analipatsa nyenyezi ziwiri.

Ndiye wowerenga wathu ameneyo.

Kumapeto Mayi Wapampando anati, "Alembi, inu mwangoti zii, buku munasankha nokha?" Maso onse pa ine. Ndinati chikuto chake n'chokongola.

Ndawanyoza njira yonse pobwerera kunyumba. Koma iwo amalankhula zimene sadziwa, ine ndimakhala chete pa zimene ndikudziwa. Sindikuona kuti wabwino ndi uti.

Lachisanu, 13 Juni

Apulofesa atumiza pagulu ndemanga yaitali, mutu wake "Mfuti ngati Ufiti wa Makono." Anthu akuwayamikira. Buku lawo likadali pa shelefu.

M'mawa Ababa akusamba, malaya anali pampando. Ndinapisa m'thumba, kiyi n'kumugwira m'manja, wotentha ngati anali pathupi pompano. Madzi akumveka kubafa, iwo akuimba kanyimbo kawo kopanda mawu. Kabati ili apo. Ndinaima ngati chitsa mpaka mpopi unatsekedwa, n'kumubweza msangamsanga.

Kuba kundikanika, kulankhula kundikanika. Digiri.

Loweruka, 14 Juni

Lero mutu wa Ababa unali bwino. Ndinawapeza masana pakhonde, buku langa lili pamwendo, kamtengo ka machesi kali pakati posonyeza pamene afika.

"Limeneli ndiye mumakambirana kuntchito kwakoko?"

Ndinati inde. Pofuna kuthawa nkhani, ndinawafotokozera za mfiti ija, za Apulofesa ndi chiphiphiritso chawo. Anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili chuchuchu. "Ndiye kuti ine m'kabatimo ndikusunga mfiti? Yokhala ndi mapepala a boma?" Sindikumbuka tsiku limene anaseka chonchi chimwalirireni Amama.

Atapuma anafunsa kuti anthu a mabukuwo ati chiyani za mkulu wa m'nkhaniyo. Ndinawauza zonse, za mpeni wa mwana, za kubisa poti mawa aiwala. Kaya ndinauziranji. Mwina ndimafuna anyoze nawo, tikhale awiri.

Sananyoze. Anasisita chikuto n'kunena kuti sanamalize, malo ena akubwereza kawiri poti akatembenuza tsamba za kumbuyo zikuthawa. Koma aona kumene zikupita.

"Mkuluyu ndi chitsiru," anatero. "Koma mwana wakeyu ndi wamantha. Buku lonseli akungozungulira kabati ngati mphaka. Pakamwa ali napo. Bwanji osangomufunsa bambo wake?"

Ndinati, "Akanakana, Ababa."

"Mwina. Koma akanakhala kuti wafunsidwa."

Anatsegula buku pa kamtengo paja ngati nkhani yatha. Kenako, osadzutsa mutu: "Dzulo kiyi unamubwezera thumba lakumanja."

Ndinalowa m'nyumba n'kuyamba kutsuka mbale zotsukatsuka. Ababa anali atandipatsa mpata woti ndifunse, ine n'kuuthawa. Gulu lonse lija, ndi timanja tawo topemphera, silinafike ngakhale pafupi ndi zimene wanena munthu amene akuti ndi mwana wogwira mpeni. Ndipo ine amene ndinawerenga bukuli kawiri, ndi pensulo m'manja, sindinaone kuti mtsikana uja safunsa ngakhale kamodzi.

Lamlungu, 15 Juni

Ndafunsa.

Tinali patebulo, tiyi atazirala. Mawu amene ndinakonza onse anabalalika. Ndinangoti, "Ababa, ndikupempha mfuti ija tikaipereke kupolisi. Ndikuopa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndimati lero mutu suli bwino, ayamba kukalipa.

"Mchimwene wako uja, ndinamulozadi?"

"Inde."

"Sindikukumbuka. Ndikukumbuka kuseka kokha."

Manja awo anali patebulo. Anawayang'ana ngati a munthu wina. Kenako anadzuka, ndinamva kabati ikutsegulidwa, anabwera ndi kachitini ka zipolopolo n'kundiikira pafupi ndi kapu. Ati izi usunge iwe kuyambira lero. Ati mfutiyo mawa, koma akanyamula okha, akapereka okha, ndipo ndisamuuze uja kuti abwere.

Ndaimbira Achimwene. Ati, "Wawabera?" Ndati ayi, ndawafunsa. Ati, "Basi?" Ndati basi. Kenako ati tiwaimbire tikabwerako.

Pagulu Mayi Wapampando akuti mwezi wamawa tisankhe buku lopepuka, la chikondi. Ndinalemba kuti "chabwino," n'kuliwerenga katatu ndisanatumize.

Lolemba, 16 Juni

Ndapempha tchuthi kuntchito. Ababa anadzuka ndisanadzuke. Ndinawapeza atameta, atavala jekete ya maukwati ndi maliro, nsapato zopolishidwa. Mfuti anaipukuta ndi mafuta ngati akukaigulitsa, n'kuiika m'chikwama chake chachikopa chija, mapepala m'thumba lamkati. Ndinati ndiwathandize kunyamula. Ati yenda kumbuyo.

Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anali kusesa. Anapereka moni, Ababa anayankha atawongoka ngati msilikali. Palibe anadziwa kanthu. Mkulu wovala jekete ndi mwana wake, akupita kwinakwake m'mawa.

Titatuluka pageti anaima. Anayang'ana kumtunda kwa msewu, kumunsi, kenako ine. Maso aja a tsiku la makwerero lija.

"Paja tikupita kuti?"

Kachitini kanali m'chikwama changa, kakulira ndikasuntha. Zonse za Anesi zinandibwerera, zoti mawa aiwala, zoti ndikanangonena kuti tikupita kuchipatala akanatsatira.

Ndinati, "Tikukapereka mfiti, Ababa."

Mapewa awo anayamba kugwedezeka ndi kuseka. "Yokhala ndi mapepala a boma," anatero. Anakweza lamba wa chikwama paphewa, n'kukhotera kumunsi, kumene kuli polisi. Ine kumbuyo.