Amayi Sakubwebweta

Middlesbrough,
14 Okutobala 2019

Okondedwa achimwene Overton,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine thupi lili bwino, koma uthenga wanu wandipsetsa mtima, ndipo lero sindizungulira. Mwati amayi ayamba kubwebweta mawu osadziwika, a kumpingo akuti ndi ziwanda, ndiye mwawatsekera m'chipinda kudikira mapemphero a Loweruka. Achimwene, mayi wokuberekani n'kumuikira loko ngati mbuzi?

Kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito kuli agogo ena, a Miren. Anabwera kuno pa sitima ali kamtsikana, kuthawa nkhondo ku Spain. Alankhula Chingelezi zaka makumi asanu ndi atatu, koma matenda oiwalaiwala atawagwira chonse chinabalalika. Chatsala ndi Chibasiki, chilankhulo cha mayi awo. Anzanga ankangolemba m'faelo kuti asokonezeka ndipo akukana chakudya. Ine ndinkagwada pambali pa mpando wawo monga tinaleredwera, n'kumalemba m'kakope mawu alionse ndi chimene akuloza. Ena ukawalemba amaoneka ngati Chingelezi, chonsecho ayi: "ate" kwa iwo ndi chitseko, za kudya palibepo. Bwana wathu anandikalipira, amvekere, "Fifteen minutes each, Mtisunge. This is not a school!" Ndinangoti pepani, koma kakope sindinataye. Mawu amene agogowo ankabwerezabwereza, "min, min," kunali kudandaula ululu. Dzino lowola, milungu itatu! Atalizula, agogo anayambanso kudya.

Kavidiyo munanditumizira kuti ndidzionere ziwanda zanuzo ndinakapititsa kwa amayi aang'ono ku Phalombe. Anandiimbira akulira. Ndi Chilomwe, achimwene. Amayi akuitana malemu mayi awo ndipo akupempha madzi akumwa. Madzi! Inu muli kalikiliki kusaka mafuta odzozera.

Tsegulani chitsekocho lero lomwe. Amayi aang'ono afika Lachinayi, adzakhala nawo. A kumpingo muwauze kuti kuchipatala matendawa amawadziwa, ndipo aliyense woyamba kunong'ona za ufiti pa Ndirande pamenepo adzayankha kwa ine.

Komatu mutu ukakula sulewa nkhonya, nanenso ndili ndi mlandu. Ndili Fomu 1, anzanga atabwera kunyumba, amayi anandiitana m'Chilomwe, anzangawo n'kuphulika kuseka. Atapita ndinawauza amayi kuti asiye kundichititsa manyazi. Kuyambira tsikulo sindinawamvenso akuchilankhula. Inu simukuwamva lero chifukwa cha pakamwa panga. Ndaloweza mawu makumi anayi a agogo a eni, koma a mayi anga ndilibe ngakhale amodzi, ndipo zikundiwawa.

Moni kwa alamu, kwa Sosten ndi azing'ono ake. Amayi muwagwire dzanja, muwauze kuti Mtisunge akupepesa. M'Chichewa mwina sakumvani. Dikirani Lachinayi, amayi aang'ono adzakuuzeni kanenedwe kake.

Ndine mlongo wanu,
Mtisunge