Mwini Makina Sanafe

Okondedwa achemwali,

Landirani moni wanga, ngakhale ndikulemba mtima ukuwira. Muli bwanji kumeneko? Nanga mwendo wa amayi uja wasiya kutupa? Ine ndilipo, ntchito yochapa kuhotela ikuyenda, kungoti manja atha ndi sopo.

Khalani pansi kaye. Mlongo wathu Kasingano ali moyo, koma tikanamuika m'manda. Atafika kuno ndinkayesa wabwera kudzacheza, osadziwa kuti akudzanditsanzika. Tsiku lina ndili kuntchito, anafuna kudzipha m'chipinda changa. Mayi woyandikana nane, wogulitsa masamba, ndiye anathyola chitseko. Pano ali kuchipatala cha odwala matenda a maganizo, pabedi la pafupi ndi zenera, ndipo wayamba kudya.

Adokotala ake ndi mayi wofatsa, amene akuchita kafukufuku wofuna kudziwa zimene zimachitika munthu asanafike pofuna kudzichotsa moyo. Atandipempha kuti ndifotokoze, ndinawauza zonse zija munkandiuza pafoni: kuti Kasingano anasiya kulira ndi kukangana ndi mawu omveka m'mutu mwake, anayamba kumwetulira, kenako n'kugawa katundu wake. Nsapato kwa alamu, wailesi kwa ana anu, makina osokera kwa amalume. Tonse tinkati wachira. Adokotala anapukusa mutu. Anati wodwala chotere akafatsa mwadzidzidzi n'kuyamba kugawa zake, kawirikawiri si kuchira ayi, amakhala atatsimikiza zochoka. Achemwali, tinkaomba m'manja munthu akulongedza.

Inu sindikukuimbani mlandu, simunkadziwa. Koma amalume! Kasingano waulula yekha, mutu uli pansi, kuti iwo ndiwo anamulanda mapiritsi ake n'kukawataya m'chimbudzi. Akuti ankamunyoza kuti mwamuna weniweni sangamangowodzera ngati nkhuku yodwala chifukwa cha timankhwala. Matenda atabwerera, mwana n'kuwapatsa makina, iwo anabwera ndi wilibala tsiku lomwelo. Telala awapatse makina ake, iwo osafunsa n'komwe kuti mawa asokera chiyani? Anathokoza, n'kupempha ndi lumo lomwe.

Ine sindidzawakhululukira, ndipo musavutike kuwapepesera. Ndimati ndikamafinya nsalu kuntchito ndimaganiza za iwo. Ndikadzabwera ndidzawayalutsa pamaso pa ana awo ndi apongozi awo omwe. Tsiku limene shuga wawo uja adzawagwetse, ndidzaima pakhomo n'kuwafunsa ngati nanenso ndikataye mapiritsi awo m'chimbudzi chomwecho, tione uchamuna wawo.

Mankhwala amusinthira, tsopano ndi jakisoni wa pamwezi, woti palibe malume angamulande. Adokotala akuti tulo tikamuchulukira tizikawauza iwo, osati kusiya mankhwala. Atiphunzitsanso kuti tisamaope kumufunsa mosabisa ngati akuganizanso zodzipha, chifukwa kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Ndinamufunsa, ndipo iye anandiyankha zoona.

Dzulo ndinaseka koyamba. Kasingano anayang'anitsitsa yunifolomu ya namwino, n'kunena kuti amene anasoka kolala imeneyo ayenera kuti ndi womanga nyumba. Kenako anandifunsa chapansipansi ngati makina ake akuthiridwa mafuta. Adokotala nditawauza anasangalala, anati ngozi sinathe, koma munthu ameneyu akufunika chinthu choti abwerere kukachigwira akatuluka.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani ndi alamu kwa amalume mukaitanitse makinawo. Koma musawanyamule inu ayi. Akankhe okha wilibala yomwe ija, masana dzuwa lili pamutu, kudutsa pamsika, kuti aliyense wofunsa amuyankhe okha. Lumo lisatsale. Makinawo muwapukute, muwaike pakhonde pomwe ankakhala, mundijambulire kuti ndikamuonetse. Akuyembekezera yankho, ndipo sindikufuna kumunamiza.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma nkhaniyi muwauze pang'onopang'ono, muyambe ndi yoti mwana wawo akudya. Moni kwa alamu, kwa azakhali ndi kwa ana onse. Wailesi ija asunge, mwini wake akuti anawapatsa ndi mtima wonse.

Amalume musawapatse moni wanga. Mungowauza kuti anafulumira kutenga chamasiye, mwini makina sanafe.

Tsalani bwino,
Ine mng'ono wanu,
Wamakani